Tsala la Mng'ono Wanga

Chikwangwani chinakhala pamunda panga zaka zisanu ndi zinayi. Chinali chachitsulo, chopaka penti yoyera, cholembedwa kuti pano ndi pa mlimi wachitsanzo. Aliyense wodutsa njira yathu yafumbi, yochokera ku Sinda kukatulukira ku Katete, ankachiwerenga, ndipo wapanjinga ankachita kuchepetsa liwiro. Loweruka lililonse ndinkachipukuta ndi sanza yonyowa. Musandiseke, chikanakhala chanu inunso mukanachipukuta.

Mundawo unali wa amayi. Atamwalira, amalume anatigawira ife ana aakazi awiri. Ine wamkulu ndinatenga chigawo chakumunsi, chosalala, choyang'ana kumsewu. Mng'ono wanga anatenga chakumtunda, chamiyala, chotsamira phiri. Amayi ankalima ndi khasu lamanja, ndiye mitengo ankangoidula m'mawondo n'kusiya zitsa, mizere n'kumazungulira. Koma ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ng'ombe, ndipo pulawo ndi chitsa sizimvana. Zilimwe zitatu tinathera m'munda umenewo ndi piki, nkhwangwa ndi moto, kuzula zitsa za amayi chimodzichimodzi. Matuza anandiphulika m'manja mpaka ndinkalephera kufinya zovala. Zonse zinachoka, kupatula chitsa chimodzi cha msuku pangodya pafupi ndi chulu. Mizu yake inalowa pansi pa thanthwe. Abambo akwathu anathyolerapo mipini iwiri, tinachikolezera moto katatu, chinangoti bii koma osafa. Chaka chilichonse chinkaphuka, ine chaka chilichonse ndinkachisadza ndi chikwanje alendo asanabwere kudzaona munda.

Mng'ono wanga mwamuna anamufera msanga, ana ali aang'ono. Chaka chotsatira anabwera pakhomo panga, anakhala pansi m'mphepete mwa khonde, n'kunena kuti, “Akulu, mundibwerekeko ng'ombe ndi piki, nanenso ndizule zitsa kwanga.”

Ndinamuyankha kuti ng'ombe zatopa, mwina chaka chamawa. Chaka chamawacho sanabwerenso, ine sindinamukumbutse. Anapitiriza kulima kachigawo kakang'ono kuseri kwa nyumba yake, kwina konse kunagona tsala. Zitsa za amayi zinaphuka, mphukira zinakula, ndipo patatha zaka makumi awiri kumtunda kuja kunali thengo loti mbuzi ikalowa uyenera kuiitana. Anthu ankati ndi ulesi. Amene ankanena mokweza kuposa onse ndinali ine. Tsiku lachionetsero ndinkaimika alendo moti tsalalo likhale kumbuyo kwawo, ndipo wina akacheuka n'kufunsa, ndinkati, “Uko musakuyang'ane, n'koweta njoka.”

Ndiye chaka china, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, alangizi athu anabwera ndi mlendo. Anali mayi wa ku yunivesite, wovala buluku ndi chipewa chachikulu, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. M'galimoto anatsitsa bokosi, m'bokosimo anatulutsa kandege kamapiko anayi, kosaposa lichero. Anati pansi pake pali kamera yosajambula nkhope kapena mtundu wa chitenje, imangojambula kutentha. Chinthu chikatentha imaona, chikazizira imaona. Anadikira mpaka dzuwa lifike paliwombo, n'kukaulutsa. Kanalira ngati njuchi zosamuka, kanayenda uku ndi uku pamwamba pa minda yathu, pamwamba pa tsala, mpaka kumanda.

Ine mtima unali m'malo. Munda wanga ndinali nditausosa kale, mapesi nditatentha, dothi lili see, popanda ngakhale kaudzu. Ndinati kandege ako kaone, kakauze a ku Lusaka mmene timalimira kuno.

Patapita milungu itatu anatiitana kusukulu ya pulaimale kuti tikaone zithunzi. Anatseka mawindo ndi zitenje, n'kuonetsa chithunzi pakhoma. Mudzi wathu wonse unali pamenepo, koma mumitundu yachilendo. Alangizi analoza ndi ndodo: uwu ndi msewu, apa ndi pamjigo, uwu ndi munda wa mlimi wathu wachitsanzo. Munda wanga unali psuu! Kufiira kuposa minda yonse, ngodya zake zinayi zowongoka bwinobwino. Tsala la mng'ono wanga linali labuluu.

Tsono ine kusukulu ndinaphunzira kuti aphunzitsi akakondwa amachonga ndi inki yofiira. Ndinaimirira n'kuimba nthungululu. Ndinaimba ndekha, inu! Palibe anandithandiza. Mayi uja anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundo chimenecho mpaka lero chimandiyabwa.

“Khalani pansi, amayi, ndifotokoze,” anatero. “Kufiiraku ndi kutentha. Buluuyu ndi kuzizira.”

Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati dzuwa silikondera, limathira moto wofanana pamunda ndi patsala. Kusiyana kuli pa zimene malowo amachita nawo motowo. Dothi lopanda kanthu lilibe ntchito yoti liugwiritse, limangotentha n'kuubweza m'mwamba. Koma mtengo umaupatsa ntchito: umakoka nawo madzi pansi penipeni, n'kuwatulutsa m'masamba ngati thukuta, ndipo thukutalo likamauma limatenga kutentha n'kupita nako. Anatifunsa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira pomwe a m'ndowa yachitsulo amafunda. Tonse tinadziwa, mtsuko umachita thukuta. Anati thengo likamakula, pamakhala mitengo yaitali, yaifupi pansi pake, zilambe, udzu, masamba owola, bowa, tizilombo, chilichonse chikudyako mphamvu ya dzuwa ija, moti yotsala yoti itenthe pamwamba imachepa. N'chifukwa chake iye akaona kuzizira kwa malo ali m'mwamba, amadziwa kuti thengo lafika pati pa kukula kwake. Kenako analoza malo ozizira kuposa onse pachithunzipo. Anali manda, kumene nkhwangwa silowa. Otsatira anali tsala la mng'ono wanga.

Mutu unanditentha. Ndinati, “Ndiye mukutiuza kuti alimi enieni m'mudzi muno ndi akufa ndi alesi?”

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Mng'ono wanga anali kumbuyo, pafupi ndi chitseko, anangoweramitsa mutu.

“Za chimanga chanu ndamva mbiri, amayi,” mayi uja anayankha. “Ine sindiyeza nkhokwe. Ndikuyeza mmene nthaka ikubwerera mwakale.”

Zikanathera pomwepo ndikanapirira. Koma alangizi anatsokomola, n'kunena kuti masiku ano akuluakulu awo akufuna alendo azionetsedwa malo amene mitengo ikubwerera. Kandege kadzaulukanso Okutobala wotsatira, ndipo zithunzi zikadzatuluka adzaona kumene chikwangwani chiyenera kuima. Polankhula sanandiyang'ane. Munthu amene wadya nkhuku zanga zaka zonsezi!

Kuyambira tsiku limenelo magalimoto anayamba kundipitirira. Ankafika pachikwangwani changa, kuima pang'ono kufunsa njira, n'kukwera kumtunda. Njira yopita kwa mng'ono wanga ndinkaloza ndine. Mayi wa ku yunivesite uja ankakhala pamphasa pakhomo pake, nsapato atavula, akuyamwa masuku. Anapachika timakina toyeza kutentha m'mitengo ya m'tsala, n'kumuphunzitsa mng'ono wanga kutiyang'anira. Munthu woti giredi folo anabwereza kawiri, ine ndikumulembera masamu pansi ndi chala, lero akuima pamaso pa alendo n'kumati, “Uwu ndi mombo, uwu muwanga, uwu mpoza, apa m'mawa pamachita mame ngakhale mu Seputembala.” Ndipo alendo n'kumalemba m'mabuku. Ha! Ine amene ndinadziwa kutalikana kwa mapando, tsiku lothira fetereza, kasungidwe ka mbewu, palibe ankandilembanso.

Nsanje inandigwira, ndinene poyera. Sinali nsanje yobisa ayi, inali yondilepheretsa kumeza. Mvula itagwa mng'ono wanga anabweretsa bowa wodzaza mbale, wa m'tsala lakelo. Ndinati m'mimba simuli bwino, bowa sindidya. Abambo akwathu anadya okha, akunyambita zala, n'kumati, “Koma mlamu ali ndi chuma kumtunda kuja.” Tsiku limenelo ndiwo za madzulo anadziphikira okha.

Ndinaganiza kuti ngati nkhani ndi mitengo, nanenso manja ndili nawo. Ndinakatenga mbande kunazale ya alangizi, ndinakoka chingwe, ndinabzala mizere yowongoka m'malire monse. Zinagwira bwino, mu Malichi zinali biriwiri. Koma kwathu kuno anthu akamaliza kukolola ziweto zimamasulidwa, zimayenda paliponse, ndipo palibe mlandu. Mbuzi za mudzi wonse zinachita phwando m'munda mwanga. Zimene mbuzi zinasiya, chiswe chinamaliza. Pofika Seputembala ndinatsala ndi timitengo touma tosakwana n'kusonkhera moto wa tiyi. Ndikakweza maso kumtunda, tsala lija likutulutsa masamba atsopano ofiirira, mvula isanagwe n'dontho lomwe, popanda munthu wolithirira.

Kutatsala milungu iwiri kuti kandege kabwere, mng'ono wanga anafika ndi chikwama kumutu. Mwana wake wamkazi wokwatiwa ku Vubwi anali pafupi kuchira, ndiye ankapita kukadikirira. Anandipatsa makiyi.

“Akulu, mundionereko nkhuku. Komanso tsala lija, osaka mbewa asaliyandikire ndi moto.”

Mwamva? Ine, mlimi wachitsanzo, ndikhale mlonda wa thengo limene likundilanda chikwangwani. Ndinalandira makiyi, ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndinamuuza kuti ayende bwino. Pobwerera maso anga anagwera pamphukira za m'mbali mwa tsala, kumene analeka kulima posachedwapa. Zinali zofika m'mapewa mwanga, zamasamba ambiri, zoimirira patalipatali. Mtima unati: mitengo imeneyi ndi ya amayi, ndipo amayi anabereka awiri.

M'mawa mwake, dzuwa likungotuluka, ndinalowa m'tsala ndi piki ndi nkhwangwa. Ndinasankha za mkati pang'ono, zosaonekera kunjira. Ndinkayesa ndi ntchito ya ola limodzi. Ayi ndithu. Mphukira ilibe muzu wakewake, imamera pachitsa chakale, ndipo chitsacho mizu yake inapita kumene piki safika. Ndinkachita kukumba mozungulira, n'kubenthula chidutswa cha chitsa pamodzi ndi mphukirayo ndi timizu tochepa. Pa mtengo wachitatu, wa muwanga, nditafukula dothi ndinapeza mutu wa chitsa ukadali wolimba, ndipo kadulidwe kake kanapendekera kumanzere. Amayi anali amanzere. Ndinaima kanthawi nditagwira m'chiuno, thukuta likulowa m'maso. Kenako ndinalavulira m'manja n'kupitiriza.

Masiku anayi ndinakumba mitengo khumi ndi inayi. Tsono apa ndi pamene ukhondo wanga unandipereka. Ine dzenje losakwirira sindingalisiye, thupi silindilola. Dzenje lililonse ndinalikwirira, ndinasalaza ndi khasu, ndinapalira udzu wozungulira, masamba ouma n'kuwakokera pambali. Pamene panali mtengo panatsala bwalo loyera ngati popunthira mapira. Ndinayang'ana n'kukhutira kuti ndagwira ntchito yaudongo.

Abambo akwathu atandipeza ndikubzala m'munda mwathu, anavula chipewa n'kukanda mutu.

“Mayi, mitengo yam'thengo sisamuka. Komanso mwaitenga kuti?”

“Inu ntchito yanu ndi kumanga ng'ombe pangolo. Ndikufuna madzi.”

“Mlamu akudziwa?”

“Kodi munakwatira ine kapena mlamu wanuyo?”

Anamanga ng'ombe. M'mawa ndi madzulo tinkatunga migolo iwiri kumjigo, amayi anzanga pamzere akung'ung'udza kuti nditha madzi. Mtengo uliwonse ndinaukonzera mbale yadothi, ndinkathira mpaka madzi kuima. Tsiku lachinayi masamba anayamba kulendewera. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ukawagwira ankalira ngati pepala. Ndinadziuza kuti kandege kali m'mwamba sikangaone zimenezo, bola pazizire. Tsiku louluka ndinathira madzi dzuwa litakwera kale, mayi uja akumangirira mapiko kuseri kwa sukulu. Kandege kanadutsa pamutu panga ndowa ndili nayo m'manja, ndinaibisa kumbuyo ngati mwana.

Mng'ono wanga anabwerako kutatsala tsiku limodzi kuti tikaone zithunzi. Anafika mokondwa, mdzukulu wamwamuna, ndipo ananditengera chitenje cha ku Malawi. Ndinamubwezera makiyi, ndinamuwerengera nkhuku zake. M'tsala sanalowe tsiku limenelo, anali atatopa ndi ulendo.

Kalasi inali yomweija, zitenje m'mawindo, koma anthu anachuluka kuposa chaka chatha chifukwa aliyense ankadziwa kuti lero chikwangwani chiweruzidwa. Ndinavala chitenje chatsopano chija n'kukhala kutsogolo. Mayi uja anayamba ndi manda, anapita kudambo, kenako anakuza chithunzi cha minda yathu iwiri mpaka chinadzaza khoma.

“Apa pali chinthu chimene chaka chatha panalibe,” anatero. “Mwina eni ake mundithandiza.”

M'mbali mwa tsala, mkati mwa buluu muja, munali timadontho tofiira, tozungulira bwino ngati munthu wachita kudinda. Kumunsi, mkati mwa kufiira kwa munda wanga, munali timadontho tabuluu pamzere wowongoka. Mayi uja anati poyamba ankaganiza nguluwe kapena okumba mbewa, koma nguluwe sisesa pamene yakumba. Analankhula mosadziwa kanthu, mtima uli mbee. Mwina anali yekha m'chipindamo amene sanamvetse.

Kenako bambo wina kumbuyo anayamba kuwerenga mokweza madontho ofiira aja, ena n'kumuthandiza, ngati ana a giredi wani. Atafika khumi ndi anayi, anati, “Koma mbewa za chaka chino zafika posamutsa mitengo!”

Chiphokoso cha kuseka! Ine maso ndinaloza pansi pa desiki. Ndikanapeza una wa nyerere ndikanalowa.

Ndiye ndinamva mawu a mng'ono wanga kuchokera pafupi ndi chitseko. Sanakweze.

“Musaseke. Ndinawapatsa ndine ndisanapite ku Vubwi. Ndinati akayese kwawo.”

Kuseka kunazima. Anthu anayamba kugwedeza mitu, amayi ena n'kumati, “Ee, koma mwana uyu ali ndi mtima.” Alangizi anamuyang'ana ngati aona mngelo. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Mitengo akhale nayo iye, alendo akhale nawo iye, bowa iye, tsono ndi mtima wabwino womwe atenge iye, ine ndikhale wopatsidwa? Akananditukwana ndikanadziwa poyankha. Ndinadzuka desiki mpaka kugwa.

“Bodza! Iwe sunandipatse kanthu. Ndinaba! Ndinakumba ndekha ndi piki wanga, masiku anayi, iwe uli ku Vubwi. Usandiveke chifundo chako pamaso pa anthu.”

Palibe anaseka. Abambo akwathu anaphimba nkhope ndi chipewa. Mng'ono wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukhala pansi.

Mayi wa ku yunivesite anasowa poyika manja. Anatembenukira kukhoma, mwina pofuna kutithawitsa pankhaniyo, n'kunena kuti pali china chimene sichikugwirizana. Ofiira ndi khumi ndi anayi, koma abuluu ndi khumi ndi asanu. Anakuza chithunzi kwambiri. Anationetsa kuti khumi ndi anayi a pamzere aja anali ngati mphete: dothi lonyowa lozungulira ndi limene linazizira, koma pakati, pamene pali mtengo, panali pofunda, chifukwa masamba akufa sachita thukuta.

“Pepani amayi, imeneyi yapita,” anatero. “Koma onani aka ka pangodya, pafupi ndi chulu. Dothi lozungulira ndi louma, lotentha, palibe anathirapo madzi. Kakuzizira kokha. Aka kali moyo, ndipo kakumwa pansi penipeni. Munakabzala liti?”

Ndinayang'ana osamvetsa. Anayankha ndi abambo akwathu, chipewa chikadali kumaso.

“Ndi chitsa chija, mayi. Chaka chino munaiwala kuchisadza.”

Zoona. Ndi piki ndi migolo ija, chikwanje sindinachigwire. Chinthu chokha chamoyo m'munda mwanga monse chinali chimene ndakhala ndikuchipha zaka makumi awiri.

Za chikwangwani alangizi sanachite kunena, ndipo ine sindinadikire kuti atume anthu. M'mawa mwake ndinatenga piki yemwe uja n'kukachizula ndekha. Kuzula ndiye ndimatha. Ndinachisenza pamutu, miyendo yake yachitsulo ikulendewera kutsogolo, n'kukwera nacho kumtunda anthu akuona. Mng'ono wanga ndinamupeza akutuluka m'tsala. Anali atakaona mabwalo anga aja, ndipo m'manja anali ndi chibenthu cha muwanga. Ndinatula chikwangwani pamapazi pake.

“Nachi. Uzichipukuta Loweruka, fumbi la msewu limadya penti.”

Sanachiyang'ane n'komwe.

“Akulu, bwanji simunandipemphe?”

“Ukanandipatsa?”

“Ndikanakuuzani kuti sisamuka.”

“N'chifukwa chake sindinakupemphe. Wayamba kudziwa zambiri iwe.”

Anaseka pang'ono, koma m'maso munali misozi. Anakhala pamwala, chibenthu chija chili pamiyendo.

“Ndikudziwa chiyani ine? Mukuyesa thengo ili ndinalisiya ndi nzeru? Zaka zonsezi ndimaima pano kuyang'ana mizere yanu, mtima ukuwawa. Tsiku lachionetsero ndinkatseka chitseko kuti ndisaone misana ya alendo anu. Za njoka zija ndinkamva, akulu, mawu anu amafika kuno. Ndinkapempha Mulungu kuti chaka chimodzi chokha munda wanga ufanane ndi wanu.” Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. “Mukanandibwereka ng'ombe tsiku lija, ndikanazula zonse. Sindikanasiya ngakhale chimodzi.”

Ndinayang'ana mitengo ija, mombo, muwanga, mpoza, misuku yolemera ndi zipatso, mthunzi wake ukufika pamapazi anga. Ndinatsika osatsanzika.

Mitengo khumi ndi inayi ija inauma yonse, ndinaisonkhera moto. Chitsa cha msuku ndinachitchingira ndi minga kuopa mbuzi, ndipo pano chandipitirira msinkhu. Mayi uja akabwera amaima pamenepo, amachiyeza, amati pachithunzi kadontho kakukula. Kadontho kamodzi, m'munda wonse wofiira. Ndinamufunsa kuti zingatenge zaka zingati kuti kwanga kuzizire ngati kumtunda. Anayamba kufotokoza za njere zobwera ndi mbalame, za mbande, za kupirira, koma ndinaona kuti akuzungulira. Ndinamuuza kuti asiye, ndamva.

Nsanje sinathe, ndisakunamizeni. Magalimoto akamakwera kumtunda ndimapezabe chochita kuseri kwa nyumba. Chikwangwani mng'ono wanga anachizika mopendama, ndipo chikhalire sanachipukutepo, moti zilembo zayamba kubisika ndi fumbi. Ndikadutsa ndimayang'ana kumbali.

Chaka chatha, mvula yoyamba itagwa, ndinakwera kumtunda. Mng'ono wanga ndinamupeza akupalira kachigawo kake kaja kuseri kwa nyumba, ndi khasu lamanja, atagwira msana. Tsitsi lake layamba imvi ngati langa. Ndinaima m'malire.

“Iwe,” ndinatero, “ng'ombe zilipo, ukazifuna.”

Anaweramuka, anayang'ana thengo lake, n'kundiyang'ana ine.

“Zikomo, akulu. Koma zidzalowera pati?”